Wufa ya Amake Mwiza

"Mbale izi zibwerere kwamene zachoka, lero lino, zosavundukula!"

Harriet anali chiimire pakhomo la nyumba, manja m'chiuno. Mwamuna wake Cleopas anakhala pansi pa mtengo wa mango, kiyibodi ili pamiyendo, akuichotsa fumbi ndi mswachi wakale ngati nkhaniyo ndi ya kwa aneba. Pakati pa awiriwa, pamphasa, panali timbale tiwiri toyera, kena kovundikira kanzake, tomangidwa m'kansalu katsopano. Kuno ku Mpanshya ngakhale mwana amadziwa chimene mbale zotere zimadzera. Pali mwamuna amene wapenya mtsikana wa pakhomopo, ndipo makolo akazilowetsa m'nyumba n'kuzivundukula, ndiye kuti avomera.

"Amake Mwiza, chepetsani mawu. Anthu amva."

"Amve! Nifuna amve. Mwiza ali na zaka fifitini chabe. Dzulo nam'peza asewera waida na tiana tinzake kuseri uku, manje lero ati akhale mkazi wa munthu?"

"Ba Phinias si munthu wamba. Ali na shopu pamsewu, ali na motoka ya Kanta, nyumba ya malata, sola pamwamba. Kuja mwana sazagona na njala."

"Ali na mwana wamene akhala desiki imodzi na Mwiza! Happiness uja azimuitana kuti chani mwana wanga, amayi? Atate ake Mwiza, mulibe nsoni?"

Cleopas anauzira mpweya pakati pa makiyi, nayang'ana fumbi likuuluka.

"Nsoni sizidyedwa. Chimanga mwachiona mweka mwamene chapsera na dzuwa. Tili na tiana tina titatu m'nyumba umu. Ndipo atsikana a masiku ano, muziti ali kusukulu, mawa mumva ali na mimba ya kamnyamata ka pa njinga. Pamenepo tizapeza chani? Fodya wako ni uja ali pamphuno, wa pachala ni wa mphepo."

"Mwana wanga si fodya. Mayeso a giredi naini ali mu Novembala, ndipo azalemba. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine ndine ninamva, masiku awiri kuchipatala, imwe muli ku Chongwe muliza kiyibodi."

Zinali zoona, ndipo Cleopas anabwerera ku mswachi wake. Harriet sanadikire kuti mtima uphwe. Ananyamula mbale zija yekha, kuyenda nazo dzuwa likuswa mtengo mpaka kwa munthu amene anazibweretsa, kugwada monga mwa mwambo, kuzitula pansi n'kunena kuti mwana akali mwana. Pobwerera ankamva kupepuka ngati watula mtolo wa nkhuni. Ankayesa kuti wapambana.

Koma chimene chinkamudya Cleopas sichinali chimanga chokha. Banja limeneli linali ndi kagulu koimba ka anthu atatu: Cleopas pa kiyibodi ndi mikisa yokweza ndi kutsitsa mawu, mng'ono wake Obby pa gitala ya besi, ndi Harriet pa maiki. Kwa zaka khumi ndi ziwiri ukwati, maliro kapena msonkhano wa tchalitchi sunkapita popanda iwo. Tsono mu Ogasiti, pa ukwati wina, kunabwera kamnyamata ka ku Chongwe ndi kompyuta ndi ziwufa ziwiri, zisipika zazikulu zija zotulutsa mawu apansi okhaokha, amene munthu amawamva pachifuwa. Katangoyatsa, anthu anawasiya akuimba, ngakhale mayi a mkwati amene anawaitana. Besi ya Obby, potuluka m'timasipika tawo tiwiri takale, inkalira ngati njuchi m'chitini. Gule wa Kalindula wopanda besi ndi ndiwo zopanda mchere. Cleopas anamaliza nyimboyo akuimbira mipando ndi galu, ndipo kuyambira tsiku limenelo foni yake inaleka kulira.

Sabata yathunthu chibwezereni mbale, mwamunayo ankadya chamumtima, osayankhula ndi munthu. Kenaka m'mawa wina anadzuka wokoma ngati shuga. Anatema nkhuni osatumidwa, anamangirira chitseko cha khola chimene chinagwa chaka chatha, mpaka kumunyamulira Harriet chigubu cha madzi anthu akuona. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma mkazi amene wakhala masiku asanu ndi awiri m'nyumba ya chete sayamba wafunsa kuti mtendere wachokera kuti.

"Amake Mwiza, ija nkhani yasila, tiileke," anatero Cleopas. "Manje mverani. Ba Fredrick ku Rufunsa aleta mawufa kuchoka ku Lusaka, aja ali na ampu yake yokweza mawu mkati. Ati titenge imodzi tiyambe kusewenzetsa. Koma ine makutu anasila na jenseti. Khutu la gulu lino ndimwe. Tiyeni mukasankhe."

"Ba Phinias alimo m'nkhani iyi?"

"Nanga mashopu onse a pamsewu ni a ba Phinias? Nakamba kuti ba Fredrick."

Limeneli silinali yankho, ndipo tsiku lina Harriet akanaligwira. Koma tinene zoona, nayenso wufa ankaifuna. Manyazi a mu Ogasiti anamupweteka iyenso, ndipo panalibe chinthu chimene ankanyadira kuposa khutu lake. Anangoika lamulo limodzi, lakuti anyamule kajenseti kawo, chifukwa kumene amaimba kulibe magetsi, ndipo chinthu chiyenera kuyesedwa pa moto umene chidzadyere. Loweruka anakwera minibasi atatu, jenseti ili pamwamba, gitala ya Obby ili pakati pa miyendo.

Fredrick anali wamalonda wa pakamwa potakasuka, woti mawu aliwonse amayamba ndi chisomo. Anali atandanda mawufa atatu pakhonde la shopu: yaing'ono ya mainchi thwelofu, yapakati ya fifitini, ndi chimphona cha eyitini chofika m'chiuno, chokhala ndi timagetsi ta buluu ndi chipepala cholembedwa mawatsi ochuluka ngati nambala ya foni. Pabenchi pafupi ndi chitseko panakhala mayi wina wachikulire wa chitenje chatsopano, akusenda mtedza. Harriet anamupatsa moni n'kumuiwala.

"Iyi!" anatero Cleopas, akusisita chimphona chija. "Iyi ikalira, ka ku Chongwe kaja kazabwerera na miyendo."

"Mwa chisomo mwaona bwino, ba Cleopas," anatero Fredrick. "Iyi igwedeza na mano."

"Sitinabwere kugwedeza mano," anatero Harriet. "Mulamu, yatsani jenseti yathu, osati malaiti a shopu."

Obby analumikiza mawaya, nagunda chingwe chonenepa cha gitala. Zitini za pashelefu zinanjenjemera, nkhuku za pamsika zinabalalika, Cleopas anaseka mpaka mano akumbuyo. Koma Obby atabwereza katatu motsatizana, jenseti inatsokomola ngati nkhalamba ya fodya, kagetsi kofiira kanaphethira kumbuyo kwa bokosi, ndipo Harriet poimba mzere umodzi sanamve ngakhale liwu lake.

"Mwamva? Yameza mawu anga, ndipo jenseti ifuna kufa. Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Ndipo mukaifuna ku Shikabeta, azainyamula ndani? Minibasi iti izavomera?"

"Koma mawatsi, amake Mwiza, onani mawatsi."

"Pepala silikana inki. Tiyese inayo."

Yaing'ono ija, ya bokosi la pulasitiki, inalira mokoma pakhonde. Harriet anauza Obby kuti asaleke, iye n'kuyenda chambuyo kudutsa pamene amayi amagulitsa tomato. Asanafike pa mulu wachitatu besi inali itasungunuka mumphepo. Anabwerera akupukusa mutu, nati iwo saimbira m'chipinda, amaimbira pabwalo.

Yapakati ija inalibe timagetsi tokopa maso. Harriet anaigogoda m'mbali ndi chala, namva kuti ndi thabwa lolimba. Anaigwira mbali imodzi, Obby mbali ina, ndipo inanyamuka popanda wina kutchula dzina la mayi ake. Pamwamba inali ndi chibowo choimikapo mtengo wa sipika yaing'ono. Anagwada kumbuyo kwake, napotoza kabatani kosefa mawu pang'onopang'ono, mpaka mawu a munthu anachokamo, n'kutsala kugunda kokha.

"Manje lizani Kalindula weniweni."

Jenseti sinadandaule. Besi inatuluka yonenepa koma yoyera, chingwe chilichonse chikumveka pachokha, ndipo Harriet ataimba, mawu ake anakhala pamwamba pake ngati munthu wokhala pamphasa. Makondakitala anasiya kuitanira anthu. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa anayamba kutyola chiuno ali chikhalire. Harriet anatseka maso n'kuimba nyimbo yonse mpaka kumapeto. Anali wosangalala, ndipo palibe chifukwa chobisira zimenezo, anasangalala kuposa tsiku lina lililonse la chaka chimenecho. Atamaliza anamenya dzanja pamwamba pa bokosi.

"Iyi."

Mayi wa mtedza uja anadzutsa mutu.

"Mwaikonda, mwana wanga? Mwasankha mweka, kulibe wakukakamizani?"

"Nasankha neka, amayi. Amuna awa sembe atenga chija."

Mayiyo anaomba m'manja mwakachetechete katatu, nayang'ana Fredrick. Fredrick anakokera wufa kuseri kwa shopu kuti akailongedze, ndipo inatuluka ili m'katoni yomatidwa ndi tepi mbali zonse. Atafika kumudzi, Harriet ndi amene anagwira kutsogolo polowa pakhomo, ndipo ndi iyeyo amene anati ikhale kuchipinda chogona, kuopa nkhuku ndi ana. Anapita kumjigo kukatunga madzi. Pobwera anapeza Cleopas atamasula kale, katoni ataipinda n'kuisomeka kudenga.

Masabata awiri otsatira anali okoma. Anaimba pa msonkhano wa tchalitchi, anthu n'kubwera kuchokera midzi itatu atangomva kugunda. Anaimba pa chikumbutso cha maliro, ndipo ngakhale ofedwa anavina. Foni ya Cleopas inayambanso kulira, mpaka anawaitana ku ukwati waukulu wa Loweruka lomaliza la mwezi. Mwiza ankawerenga mabuku ake pansi pa mango, akugwedeza phazi pamene makolo ake akuyeserera nyimbo.

Lachitatu la sabata ya ukwatiwo, dzuwa litapendeka, Harriet akupeta mapira, kunamveka odi. Analowa amayi atatu, ndipo wapatsogolo anali uja wa mtedza. Anakhala pamphasa osadikira kuuzidwa, natambasula miyendo ngati pakhomo pozolowera.

"Ndine Estina, atate aakazi a Phinias. Tinaonana ku Rufunsa. Tabwera kumva tsiku lamene alangizi angayambe kum'phunzitsa mkazi wathu."

"Mkazi wanu uti? Mbale zanu ninabweza na manja anga."

"Munabweza, inde. Ndipo tinamva kuti mayi wa mwana safuna za m'mbale chabe, afuna chinthu chooneka. Mwana wathu anati asankhe yekha chamene mtima wake ufuna. Fredrick ni mlamu wake. Ine ninakufunsani pamaso pa anthu, munayankha chani?"

Lichero linapendekeka, mapira n'kukhuthukira pansi, nkhuku n'kuthamangira. Harriet sanaziingitse.

"Ninasankha wufa. Sininasankhe mkamwini. Mbale sizinalowe m'nyumba muno."

Estina anatembenukira kwa Cleopas, amene anali ataima pakona ya nyumba ngati mlendo. Mwamunayo analowa kuchipinda, namveka akukoka chinthu pansi pa bedi. Anatuluka ndi timbale tiwiri toyera tija, tovundukula, topanda kanthu.

"Zinali m'katoni, pambali pa wufa," anatero Estina mofatsa. "Munazilowetsa mweka, imwe kutsogolo. Zagona kuchipinda kwanu masabata awiri."

"Sininadziwe! Mulungu aona, sininadziwe. Tengani chiwufa chanu, tengani manje manje."

"Mwana wanga, chinthu mwaimbira mudzi wonse, chakalika na m'makona, manje tichibweze kushopu ngati chatsopano? Ndani kuno sanavine? Onse aja ni mboni. Walira mvula walira matope. Ife sitinabe, tinapempha mwaulemu, ndipo madzi akatayika saoleka."

Anatsanzika mwaulemu womwewo, mpaka kufunira pakhomo madalitso. Fumbi la mapazi awo lisanakhazikike, Harriet anamutembenukira mwamuna wake. Sanakuwe. Mawu ake anatuluka aang'ono, ndipo zimenezo zinamuopsa Cleopas kuposa phokoso.

"Ninakufunsani."

"Munafunsa, ine ninati shopu ni ya ba Fredrick. Ninanama?"

"Wufa tinaiyesa maola awiri. Tinanyamula jenseti kuchoka kuno, kuopa kutenga chinthu chamene chizativuta. Ninaigogoda, ninaimvetsera, ninayang'ana na kumbuyo kwake. Nanga mwamuna wamene mupatsa mwana wanu munam'yesa pati? Mkazi wake woyamba anathawa chifukwa chani, munafunsa?"

"Za m'nyumba ya eni sinidziwa."

"Simudziwa, koma mutumako mwana."

"Amake Mwiza, zaka zonse izi niliza kiyibodi. Anthu ananisiya niimbira galu. Manje foni ilira, ana adya. Mufuna nichite chani? Nibwerere kukhala chiseko cha mudzi?" Apa anayang'ana kumbali. "Mwana azakhala bwino. Azazolowera. Imwe munabwera kuno na zaka zingati?"

"Sikisitini. Ndiye chifukwa chake nikana."

Mwiza anali kukhitchini nthawi yonseyi, ndipo khitchini ya udzu sisunga chinsinsi. Harriet anamupeza atakhala pa mtondo wogoneka, buku la masamu lili pamiyendo, lotseka. Anali mwana wamtali, woonda, wa mawondo okalikakalika ndi netibo.

"Amayi, ati ndimwe munavomera?"

"Ananinamiza, mwana wanga."

"Happiness ananiuza kusukulu sabata yatha. Anati amayi ako anakugulitsa na sipika. Ninam'menya mbama, ninati amayi anga sangachite." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Ba Phinias niwayopa. Akaniona panjira amaimitsa motoka, aniyang'ana chabe, osakamba kanthu."

Harriet anamukumbatira. Chimene chinkamuwawa koposa chinali chakuti mwanayo anamenya mnzake poteteza mayi amene dzanja lake linagundadi pa bokosi lija.

M'mawa mwake anayesa kuikweza wufa pa wilibala kuti akaitule yekha kwa eni ake. Obby anamupeza akulimbana nayo pakhomo, namugwira dzanja.

"Mulamu, Rufunsa ni kutali, simungafike. Ndipo olo mufike, azakuuzani chimodzimodzi."

"Na imwe munadziwa?"

Obby anayang'ana zala za kumapazi kwake. Anati iye ndi wamng'ono, za mwana wa mkulu wake sangalowererepo, ndipo anabwezera wufa kuchipinda mosamala, kuopa kuigunditsa pafelemu.

Kumjigo nkhani inali itafika kale, ndipo inafika itavala zovala zina. Amayi amene anamutamanda tsiku lobweza mbale tsopano ankayankhula mokweza dala. Wina anati pali anthu okana nyama pagulu n'kukanyambita mphika kuseri. Wina anati mbale zinachepa, mayi ankafuna cha mainchi fifitini. Anaseka mpaka kugwirana mapewa. Harriet anafuna kufotokoza, koma akanayambira pati, poti onsewo anamuona akuimba monyadira pambali pa chinthucho? Anasenza chigubu chosadzaza n'kuchoka.

Anapita kwa mphunzitsi wa kalasi ya Mwiza, mayi wa magalasi amene anamvetsera mpaka kumapeto osamudula.

"Lamulo lilipo," anatero mphunzitsiyo. "Mwana wosafika zaka eyitini sakwatiwa, kaya ni mbale kaya ni tchalitchi. Pa Mande nizapita neka kuboma, nizabwera na anthu. Koma mudziwe kuti amuna anu angamangidwe. Mwakonzeka?"

Harriet anaganiza za tiana titatu, nkhokwe yopanda kanthu, ndi abale a mwamuna amene sadzamukhululukira mpaka kumanda. 

"Mwana choyamba, madamu."

"Ndiye mubiseni mpaka Mande. Masiku anayi chabe."

Lachisanu m'mamawa, Cleopas atapita kukagula petulo wa jenseti, Harriet anatenga Mwiza ndi kachikwama ka mabuku n'kudzera njira ya kumunda. Anayenda maola atatu mpaka kwa mkulu wake Justina, kuseri kwa mapiri. Justina anamulandira mwanayo ndi misozi, nalumbira kuti sadzatuluka ngakhale kukataya madzi. Mwamuna wa Justina, amene ankasoka thumba la makala pakhonde, anangofunsa funso limodzi, ngati bambo wa mwanayo akudziwa. Atamva kuti ayi, anapitiriza kusoka, maso ali pa foni yake.

Cleopas sanafunse kumene Mwiza wapita. Anadya, nayamika ndiwo, nakumbutsa mkazi wake kuti mawa avale diresi yobiriwira. Harriet anaganiza zokana kukaimba, koma anawerengera mwina. Mwamunayo akakhala pa kiyibodi tsiku lonse, pamaso pake, sangachite kanthu. Obby nayenso adzakhala pomwepo. Akangodutsa Loweruka, Lamulungu anthu ali kutchalitchi, ndiye Lolemba lafika. Anasita diresi yobiriwira ija.

Ukwatiwo unali pabwalo lalikulu m'mbali mwa msewu wafumbi wochokera kumapiri kupita ku msewu wa tala. Mkwatibwi anali namwino wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, mkazi wodzisankhira yekha, woseka ndi pakamwa ponse. Anthu anadzaza mpaka ena kukwera m'mitengo. Wufa anaiika pakati, sipika yaing'ono ili pamtengo pamwamba pake, ndipo inagwira ntchito yake mosanyinyirika. Cha m'ma fili koloko Obby anayamba Kalindula, ndipo fumbi linakwera ngati kukubwera kamvulumvulu. Nkhalamba zinataya ndodo.

Harriet anali pakati pa ndime yachiwiri pamene anaona Kanta yoyera ikutsika kuchokera kumapiri. Inkayenda pang'onopang'ono chifukwa cha maenje ndi ana odutsa msewu. Kutsogolo, pambali pa dalaivala, kunakhala Estina. Pakati pa iye ndi zenera panali munthu wofunditsidwa chitenje mpaka pamphumi, monga amafunditsira mkwatibwi. Galimoto itafika moyang'anana ndi bwalo, chitenje chinasuntha, ndipo dzanja loonda linakanikiza galasi. Pamiyendo pake panali kachikwama ka mabuku.

"Mwi—"

Liwu limodzi lokhalo ndi limene linatuluka m'masipika. Chala cha Cleopas chinali kale pa mikisa. Anatsitsa kabatani ka maiki mpaka pansi, nakweza ka besi, nagwedezera mutu Obby kuti asaleke. Obby anatseka maso n'kupitiriza.

"Imitsani motoka! Mwana wanga! Imitsani motoka iyo!"

Anakuwa mpaka mitsempha ya pakhosi kutuluka, koma mawu a munthu mmodzi ndi chiyani pamaso pa mainchi fifitini? Amayi amene anali pafupi anaona woimba wakweza manja kumwamba, pakamwa pali yasa, nayesa kuti nyimbo yamulowa. Anamuimbira nthungululu, wina n'kudzamupukuta thukuta ndi chitenje. Harriet anamukankha, naponya maiki pansi, nayamba kuboola khamu. Ovina ankamugwira manja kuti avine naye. Bambo wina woledzera anamuzunguza kawiri asanamusiye.

Pamene ankafika pamsewu, nsapato imodzi itatsala m'khamu, Kanta inali itadutsa kale pa kamlatho. Anathamanga ndithu, mpaka mpweya unamuthera pafupi ndi mtengo wa msuku. Galimoto zimene zinalipo zinali za akwati, zomangidwa maliboni, madalaivala ake ali m'gule. Foni yake inali m'chikwama pansi pa tebulo ya mikisa, pamapazi a Cleopas. Lolemba linali kutali ngati chaka chamawa. Anaima pakati pa msewu, phazi limodzi lopanda nsapato, osadziwa ngati apite kutsogolo kapena kumbuyo, ndipo analira ngati mwana.

Amene anamutsatira anali mayi woyendetsa mwambo, wa nduwira yaikulu, akupuma mwawefuwefu, nsapato ija ili m'manja.

"Amake Mwiza, mwatani? Mwadwala? Pepani mwandi, koma keke ifuna kulowa, akwati aimirira, ayembekeza nyimbo. Musatichititse nsoni, alendo achoka ku Lusaka."

"Anitengera mwana."

"Ndani? Aa, ija nkhani? Nanga si munagwirizana kale? Limbani mtima, tonse tinapita momwemo. Valani nsapato."

Anamugwira pamkono ngati wodwala n'kumubweza. Khamu linawapatukira. Kuseri kwa masipika, pa katoni yoyala pansi, tiana take titatu tinakhala mozungulira mbale imodzi ya mpunga ndi nkhuku, tikudya mwachangu osayang'ana kumbali, poti nyama tinailawa komaliza pa Khirisimasi. Kamng'ono kanamuona, n'kumukwezera fupa kuti aone.

Harriet anawerama n'kutola maiki pafumbi. Cleopas, maso ali pa makiyi, anatambasula chala n'kumubwezera mawu ake, tsopano poti analibenso woti amuitane.